Pulofesa wa Kalasi ya Lachitatu

Malemu agona pakati pathuwa anabadwa pa 9 Malichi 1954, m'kanyumba ka zipinda ziwiri kamene kanali kuseri kwa shopu ya ukalipentala ya bambo awo. Anali achiwiri kubadwa m'banja la ana asanu. Abusa, akuluakulu a kuyunivesite, ophunzira awo akale ndi atsopano, abale ndi anansi nonse: ine ndaima panone ndine mlamu wawo, mchimwene wa mayi asiyidwawa. Banja landituma kuti ndiwerenge mbiri yawo, ndipo mlongo wangayu wandilamula kuti ndisapite m'mbali, poti mwini wakeyo ankadana ndi nkhani zokometsera. Ndiye mundikhululukire pamene mawu anga awawe. Ndi mbiri ya munthu amene anathera moyo wake wonse pa funso limodzi, lakuti ntchito ya munthu ingatsale bwanji ili chilili mwini wake atapita.

Funso limeneli sanalitole m'buku, analitola pakhomo pa makolo awo. Bambo awo anali mmisiri wodziwika, wopanga zitseko, makabati ndi madesiki a m'masukulu, ndipo anali ndi antchito angapo. Koma zonse za shopu zinali m'mutu mwawo mokha. Kogula matabwa ankadziwa okha, mwini wa katundu aliyense ankamudziwa okha, ngakhale kasakanizidwe ka vanishi kanali chinsinsi chawo. Mng'ono weniweni wa bambowo, amene anagwira nawo ntchito zaka zambiri, sankaloledwa kukambirana ndi kasitomala. M'chaka cha 1968 bambowo anagwa m'mawa wina ali ndi chopalira matabwa m'manja, osadzukanso. Chaka chisanathe shopu inalowa pansi. Malemuwa ankakonda kunena kuti chimene chinawapweteka sikunali kuona zipangizo zikutuluka pakhomo, koma kuona bambo awo aang'ono, munthu wa luso lake, ataima kakasi pakati pa matabwa, osadziwa kuti chitseko chopala theka chija chinali cha yani.

Azakhali awo, amene anali mphunzitsi, ndi amene anawatenga nkuwalera. Sukulu ya sekondale anayamba mu 1969, ndipo mu 1974 anasankhidwa kupita kuyunivesite, kumene anaphunzira zamalonda nkumaliza mu 1978 ali patsogolo pa anzawo onse. Anagwirako ntchito pa kampani ina yopanga sopo, koma mtima wawo unali ku choko cha m'kalasi, moti mu 1980 anabwerera kuyunivesite konkuja ngati mphunzitsi wothandizira.

Pa 15 Ogasiti 1981 anamanga banja ndi mlongo wangayu, amene nthawi imeneyo anali namwino. Apa ndiyenera kuulula, poti ndine mlamu. Mlongo wangayu atawayankha kalata yomufunsira, iwo anamubwezera kalatayo atakonzamo mawu awiri ndi cholembera chofiira. Tonse kunyumba tinamuuza kuti mwamuna wotereyu amuthawe kudakali kowala. Sanatimvere, ndipo wakhala nawo zaka zoposa makumi anayi, akukonzedwa nayenso akuwakonza. Mulungu anawapatsa ana atatu, aamuna awiri ndi wamkazi mmodzi.

Mu 1983 anapita kunja kukapitiriza maphunziro, ndipo mu 1988 anabwerako ndi digiri ya udokotala. Maphunziro awo anali a luso loyambitsa bizinesi ndiponso kuyala mapulani oti bizinesiyo ikhalitse. Kumeneko anawanyengerera kuti atsale, koma anakana. Ankati mashopu amene akufuna kuwamvetsa ali kuseri kwa misika ya kwawo, osati m'misewu ya eni ake.

M'chaka cha 1994 anayambitsa chimene ambiri muli panonu mukuwakumbukira nacho, kalasi ya Lachitatu. Tsiku limenelo ophunzira sankakhala m'chipinda. Ankakwera kabasi ka yunivesite nkupita kumalo a utsi ndi fumbi: kophika buledi, kugalaja, kosindikiza mabuku, kowotcherera zitsulo. Ankakhala pa zidebe ndi pa matayala akale, mwini malo nkumafotokoza mmene anayambira. Pulofesa ankamvetsera phee, manja kumbuyo. Munthu uja akatha kudzitama, iwo ankangomufunsa funso limodzi, lakuti: inuyo mutadwala mawa, atsegule ndani pano? Ena ankaseka, ena ankapsa mtima nkumati mwabwera kudzandilosera imfa kodi. Mpake ophunzira anawapatsa dzina lakuti a Atsegulandani. Iwo ankati mapulani a bizinesi si chimpukutu cha mapepala chosunga m'kabati, koma kudziwa chimene chichitike pa malopo tsiku limene mwini wake palibe.

Inenso funsoli linandipeza. Mu 1999 anafika ndi gulu lawo lija pa sitolo yanga ya zipangizo zomangira, nkundifunsa pamaso pa ana asukulu. Ndinakwiya, moti mwezi unatha ndisakuwapatsa moni wabwino. Koma mawuwo anandikhala pakhosi. Ndinayamba kumutenga mwana wanga wamkazi popita kokaoda katundu, ndinamusiya azilakwitsa ine ndikuona, ndipo lero sitolo ija akuyendetsa ndi iyeyo. Ine ndimangopitako kukamwa tiyi ndi kusokoneza antchito. Ndikuona panonso eni mabizinesi ena amene anamvera mawu omwewo, ndipo zitseko zawo zikutsegulidwabe.

Mu 2003 anakwezedwa kukhala pulofesa. Mu 2006 anatulutsa buku lawo lonena za mabizinesi a m'banja ndi chimene chimawapha akamwalira amene anawayambitsa. Anaitanidwa ku misonkhano ya m'maiko osiyanasiyana, analangiza makampani aakulu ndi aang'ono, ndipo ophunzira amene anadutsa m'manja mwawo sitingathe kuwawerenga. Mbiri zambiri zimathera pamenepa, anthu nkumagwedeza mitu mokhutira. Yathuyi ikupitirira.

Lamulo la yunivesite linali lakuti maphunziro ngati amenewa aziyendetsedwa ndi munthu wa digiri ya udokotala pa nkhani yomweyo. Munthu wotero analipo mmodzi yekha, ndiye agona apawa. Kuti kalasi ya Lachitatu idzatsale, panafunika kuti iwo asule wina mpaka afike pa udokotala. Oyamba ulendowo pansi pawo analipo ndithu, ndipo anali ana anzeru. Womaliza panalibe. Wophunzira akabweretsa kafukufuku wake, ankabwerera naye ali psuu ndi cholembera chija, ndipo mawu awo anali amodzi okha: sichinapse. Chaka chamawa, sichinapse. Ena anatopa nkukamalizira kwina, ndipo kumeneko anawagwira osabwereranso. Ena anangosiyira panjira.

Ndiye mu 2007 m'kalasimo munalowa mtsikana wina wofatsa, wosalankhulalankhula, amene ankati akafika pa shopu ankayamba wacheza ndi ana a mwini wake asanapite kwa mwini wakeyo. Pulofesa anaona kuti apa pali munthu. Atamaliza digiri yoyamba ndi yachiwiri anamulemba ngati mphunzitsi wothandizira, ndipo mu 2012 anayamba za udokotala. Loweruka lililonse ankapezeka pa tebulo lodyera kunyumba kwa malemuwa, mapepala ali mbwee, mpaka mlongo wangayu anamupatulira kapu yakeyake. Poti ana awo atatu anali atakula nkuchoka, m'banjamo tinayamba kumutchula kuti Mzime, ndipo dzinalo linamukhala mpaka lero. Ndi amene ankakonza maulendo a Lachitatu, ndi amene eni mashopu ankamuimbira foni, ndi amene ophunzira ankamuthamangira akaopa kufika kwa Pulofesa.

Mu 2016 Mzime anamaliza kulemba. Anali atatsatira mabanja a wophika buledi, mwini galaja ndi wosindikiza mabuku kwa zaka zingapo, kuona mmene ntchito imachokera m'manja mwa kholo kupita kwa mwana. Malemuwa atawerenga anandiitana, ndipo tili pakhonde anandiuza ndi pakamwa pawo kuti mwanayu walemba zoposa buku lawo. Nkhope yawo inali ngwee ndi chimwemwe. Koma Loweruka lotsatira, mwini wake atabwera, anamuuza kuti sichinapse, awonjezere mutu wina. Atawonjezera, mwini galaja uja anamwalira, ndiye anati adikire kaye chaka aone chimene ana ake achite. Chaka chitatha, wosindikiza mabuku anagula makina atsopano, ndiye anati zimenezonso zilowemo. Mabizinesi samaima, abale anga. Tsiku lililonse kumachitika china, choncho chifukwa chodikirira sichinkasowa.

Yunivesite inamuwonjezera nthawi kawiri. Mkulu wa dipatimenti anawachonderera kuti atumize ntchitoyo kwa oyesa mmene ilili. Mlongo wangayu analankhula mpaka kutopa. Inenso tsiku lina ndinalimba mtima nkuwabwezera funso lawo lija, kuti nanga inu alamu mutadwala mawa? Anaseka mpaka kutsokomola, amvekere iwo si shopu, mphamvu akadali nazo, ndipo za nthawizo ndisade nazo nkhawa chifukwa akuluakulu onse akumeneko ndi anthu owadziwa, akangolankhula nawo zitheka. Mu 2019 nthawi inatha, ndipo dzina la Mzime linachotsedwa pa ophunzira.

Chaka chomwecho malemuwa anakwanitsa zaka zopumira pa ntchito. Koma poti panalibe wina, yunivesite inkawapempha chaka ndi chaka kuti apitirize. Sindinalowe mumtima mwawo, ndiye sindinganene kuti chinali chiyani kwenikweni. Chimene ndikudziwa ndi chimene mlongo wangayu wandilola kunena. Tsiku lina akudya, anaika supuni pansi nkumufunsa kuti mwanayu akamaliza, iwowo Lachitatu azikadzukira kuti. Sanadikire yankho, anangopitiriza kudya. Munthu amene ankaona mantha amenewa pa nkhope za eni mashopu, nkuwatchula dzina lake mosapsatira, sanathe kuwaona pa nkhope yake. Zimenezi zimandiwawa, ndipo nthawi zina zimandikwiyitsa, chifukwa ndinkawakonda.

Mzime anapirira zaka zina ziwiri akuphunzitsa popanda chiyembekezo chokwezedwa. Mu 2021 anasiya, ndipo pano akugwira ntchito mu ofesi ya kampani ina ya inshuwalansi. Sanakangane ndi munthu, sanatukwane, ndipo kunyumba kuja sanasiye kubwera kudzaona mayi. Ndikunena izi iye atandilola, komanso chifukwa banja latopa kumva manong'onong'o akuti mwanayu mutu unamuchepera, kapena kuti anathawa Pulofesa atakalamba. Ndi bodza limenelo. Ntchito yake inali yabwino, ndipo amene ankadziwa bwino zimenezi kuposa aliyense ndi amene tikuwalirawa.

Pa 13 Sepitembala 2023, Lachitatu, malemuwa anagwa ali ndi ophunzira awo pa malo ena owotcherera zitsulo. Anathamangira nawo kuchipatala pa kabasi komwe kaja, ndipo madokotala anati ndi sitiroko, chifukwa cha kuthamanga kwa magazi kumene anakhala nako nthawi yaitali. Mbali ya kumanzere inafa, ndipo mawu ankatuluka movutikira. Atatulutsidwa anakhala kunyumba, mlongo wangayu atabwerera pa unamwino wake wakale. Kuyunivesite kuja ophunzira ankasonkhanabe pamalo okwerera basi Lachitatu m'mawa, kudikira, kenako nkumabalalika. Panalibe wowatenga.

Mu Febuluwale 2024 khonsolo ya yunivesite inagamula kuti maphunzirowo atsekedwe, poti analibe owayendetsa. Ophunzira anawagawa m'makalasi ena, ndipo kabasi kaja anakapereka ku ntchito zina. Sindikuwadzudzula akuluakuluwa, anatsata lamulo lawo. Anthu aja malemuwa ankati ndi owadziwa anali atapuma kale, ena atamwalira. Adokotala anatichenjeza kuti wodwalayo asamve nkhani yomudzidzimutsa, choncho banja linagwirizana zokhala chete. Akafunsa kuti ana asukulu akuyenda bwanji, tinkati akuyenda bwino.

Kumapeto kwa Meyi matenda anakula ndipo anagonekedwanso m'chipatala. Pa 28 Meyi masana anapempha kuti Mzime abwere, ndiponso kuti wina akatenge ntchito yake ija m'kabati ya kuchipinda kwawo, mmene anaisunga zaka zonsezi. M'chipindamo tinalimo ine, mlongo wangayu ndi mwana wawo woyamba. Mzime atalowa, anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako ndi dzanja lawo labwino lija anakankhira mpukutuwo kwa iye, ndipo mawu anatuluka limodzilimodzi. Anati chapsa, mwana wanga. Anati chinapsa kalekale, wochedwa ndine. Anamuuza kuti apite nacho kwa oyesa sabata yomweyo, akanene kuti Pulofesa avomera, ndipo kalasi ija aitenge ndi yake. Anamulangizanso kuti Lachitatu azilawirira, chifukwa wophika buledi uja sakonda anthu ochedwa.

Wophika buledi ameneyo anatseka malo ake kumapeto kwa chaka chatha. Oyesa oti nkulandira ntchito ya munthu amene dzina lake linachotsedwa kalekale kunalibe, ndipo kalasi yoti aitenge kunalibenso. Tonse m'chipindamo tinkadziwa zimenezi, ndipo Mzime ankazidziwa kuposa ife. Ndinamuyang'ana mtima uli m'mwamba. Mwanayu anagwada pambali pa bedi, analandira mpukutuwo ndi manja awiri, nkunena kuti zikomo bambo, ndamva. Anatuluka bwinobwino, ndipo kulira anakalirira pa benchi ya panja.

Madzulo a tsiku limenelo malemuwa anadya bwino koyamba patapita nthawi. Anauza mlongo wangayu kuti tsopano mtima wakhala pansi, chifukwa asiya munthu pa ntchito. Anagona tulo tabwino. Kuyambira pamenepo sanalankhulenso zomveka, ndipo Lamulungu pa 2 Juni 2024 anatisiya, ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri.

Malemuwa asiya mkazi wawo, ana atatu, zidzukulu zisanu, mchemwali wawo mmodzi ndi mng'ono wawo mmodzi. Mayi asiyidwawa andiuza kuti powerenga ana ndisamusiye Mzime, ndiye ndikuti asiya ana anayi. Wolowa m'malo mwawo pa ntchito imene anaitumikira zaka zoposa makumi anayi sanasiye.

M'malo mwa banja ndikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamalira mosatopa, a mpingo amene ankabwera kudzapemphera nawo, anansi amene akhala nafe masiku onsewa, ndi eni mashopu amene atseka malo awo lero kuti adzaperekeze mnzawo. Ndikuthokozanso a yunivesite chifukwa cha bokosi ndi magalimoto. Atidziwitsa mwaulemu kuti ofesi ya Pulofesa ikufunika pakutha pa mwezi uno. Muli mabuku odzaza makoma atatu ndi zolemba za maulendo onse a Lachitatu kuyambira 1994. Banja lasowa woti limupatse, ndiye ngati alipo wozifuna aonane ndi mwana wawo woyamba mwambo uno ukatha, zisanapite kosungira katundu wakale.

Alamu, zimene tinakubisirani m'chipatala muja ndazinena lero muli pompano, ndipo koyamba chikudziwireni simunandikonze ngakhale liwu limodzi. Pitani bwino. Mzimu wanu uuse mu mtendere umene munagona nawo madzulo aja, poti ife amene tinali m'chipinda chija sitinaupezebe.